Munsi wa Mkamwana

"Gwirani inuyo," anatero Tadala, ataima pakati pa bwalo, thewera lonyowa lili m'manja. "Musandifunse zambiri. Gwirani waya woyanikira zovalayo, tione ngati ndikunama."

Pius anayang'ana wayayo, nayang'ana mkazi wake, kenaka anapisa manja onse m'matumba a jekete.

"Ine ndachedwa pa siteji. Anzanga a kabaza atenga kale anthu opita ku boda."

"Kugwira waya n'kwa tsiku lonse?"

"Mwina ndi dzanzi chabe, amake Welcome. Amayi anu aja paja ankadandaulanso za dzanzi m'manja."

"Dzanzi la amayi anga silinawaponyepo pansi. Ine landiponya, chidebe uko, ine uko. Ndipo si koyamba. Waya wa magetsi wa abambo anu uja akukhudza woyanikirayu mphepo ikawomba. Lero ndine, mawa ndi mwanayu."

Mwanayo, Welcome, anali atangoyamba kuyenda, ndipo nthawi imeneyo anali pakhonde akudya dothi mwamtendere.

Waya amene ankakanganirayo anali wa a Frackson Sibale, bambo ake a Pius. Magetsi atafika kuno ku Lufita, a Sibale anapezako ganyu yokumba mayenje a mapolo ndi kugwirira makwerero. Anagwira makwerero aja mokhulupirika, maso ali m'mwamba, ndipo pofika pamene ganyu inatha anali atadziona okha kuti za magetsi azimaliza. Nyumba yawo inalowa magetsi mwalamulo, ndi mita yake. Ya mwana wawo, tsidya la bwalo, anaikokera okha. Waya anatulukira pawindo la kuchipinda kwawo, nakwera mumtengo wa mapeyala, nadutsa pamwamba pa waya woyanikira zovala, n'kukalowa pansi pa malata a Pius. Sanali waya mmodzi, koma zidutswazidutswa zolumikiza, ndipo polumikizira ponse anamangapo timizere ta jumbo.

"Ndiye mukawauze," anatero Tadala.

"Ndiwauza. Ndikudikira tsiku loti akondwe."

"Abambo anu anakondwa liti?"

"Iwe, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndikanene kuti adada, waya wanu ndi woipa? Magetsi atipatsa ulere, foni umatchaja, usiku umaona. Ukufuna anene kuti ndinakwatira mkazi wosayamika?"

"Ndiye ndikawauze ndekha."

Pius anatulutsa manja m'matumba. "Usayerekeze!"

Apa m'pamene panagona nkhani. Tadala anali wa ku Ntcheu, ndipo atakwatiwa kuno anapeza mwambo woti mkamwana, kapena kuti mkazi wa mwana wa pakhomo, sayankhula ndi apongozi aamuna, sawayang'ana kumaso, satchula dzina lawo, ndipo akawaona akubwera amapatuka n'kukagwada kuseri. Mabanja ena anazifewetsa kale izi, koma kwa a Sibale ankazisunga ngati mbewu. Chikwatiwire, Tadala ankadziwa bwino chifuwa cha apongozi ake, nsapato zawo ndi msana wawo. Nkhope anaiona pa chithunzi cha ukwati basi.

Pius analiza njinga yake napita. Tadala anayanika matewera pa udzu.

Masana anapita kukhitchini kwa apongozi ake aakazi, a Nachali, amene ankasenda nthochi zophika. Anagwada pakhomo, napereka moni wa Chitumbuka umene anaphunzira, n'kuyamba nkhani yake. Anafotokoza zonse, mpaka anaonetsa chigongono chimene chinasupuka pogwa paja.

"Pepani chomene, mwana wane," anatero a Nachali. "Ndamva. Ndiwauza adada ako madzulo ano."

"Muwauze kuti waya akuluma, amama. Aphetsa munthu."

"Ndamva, ndamva. Koma mawu kwa akuluakulu sitipita nawo ali amoto. Timayamba tawapepesera kaye."

Madzulo Tadala anakhala kuseri kwa nkhokwe akutola nyemba, makutu ali pakhonde la apongozi. Anamva a Nachali akukhosomola kaye, kenaka n'kuyamba.

"Mkamwana anabwera masana."

"Eya."

"Akuti magetsi munawapatsa aja ngamphamvu chomene."

"Hee!" a Sibale anaseka mokhutira. "Wazindikira? Ameneyo ndi mwana wanzeru. Anthu amaona ngati magetsi okoka amafika ofooka. Zimatengera wokokayo. Ukamuuze kuti yewo, mawa ndikawaikira babu lina panja."

Tadala anayang'ana nyemba zili m'lichero. Kunena zoona, a Nachali sananame. Anangowapepesera mawu aja mpaka anazizira, n'kusanduka chithokozo.

M'mawa mwake babu linaikidwa. Tadala anakhala kuseri kwa nyumba nthawi yonse imene apongozi anali pa makwerero, Welcome ali kumbuyo. Kuyambira tsiku limenelo swichi yaikulu ya m'nyumba mwa a Sibale, ija imagwa yokha pakakhala vuto, inayamba kugwa pafupipafupi. Ikagwa, wailesi ya a Sibale imazima pakati pa nkhani. A Sibale anaipirira kwa masiku angapo, kenaka anaiweruza kuti ndi swichi yaulesi. Anadula lamba pa chubu chakale cha njinga, naimangirira m'mwamba kuti isagwenso. Ndipo inalekadi kugwa.

Pius ndi amene anabwera nayo nkhaniyi, akuisimba monyadira.

"Waona? Adada akonza."

"Akonza chiyani? Galu akamauwa wakuba, inu mumamanga galuyo kukamwa?"

"Iwe za magetsi unaphunzira kuti?"

"Pansi paja ndinagwa paja."

Mvula yoyamba inagwa sabata yotsatira. Itakata, anapeza mbuzi ya a Sibale itafa pansi pa mtengo wa mapeyala. Inali yomangidwa ndi tcheni ku mtengo womwewo umene waya anakwerapo, ndipo inafa miyendo ili tantha, udzu uli m'kamwa. A Sibale anaizungulira, manja kumbuyo, naitembenuza ndi phazi.

"Njoka," anatero.

"Bala lake silikuoneka, adada," anatero Pius motsitsa mawu.

"Njoka za masiku ano n'zochenjera."

Poti njokayo inali yosasiya bala, anagwirizana kuti ululu wake sunalowe m'nyama. Mbuzi inasendedwa, anansi analandira, ndipo pakhomo panali chisangalalo. Tadala yekha ndiye sanadye. Anatenga chitenje, namanga Welcome m'chiuno, mbali inayo n'kumangirira ku nsanamira ya khonde. Mwana analira, nakoka, kenaka anazolowera n'kumazungulira nsanamirayo.

"Anthu akuseka," anatero Pius madzulo, akutokosa m'mano. "Akuti Sibale wamng'ono akuweta mwana ngati mbuzi."

"Mbuzi yanu mwadya. Uyu simudya."

"Amake Welcome, pakamwa!"

"Ndatopa, abambo ake Welcome. Ndatopa, ndipo ndili ndi mantha. Ndikagona ndimalota wayayo. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe, ndiye mnzathu wake anali mbuzi ija. Ngati simuwauza, ine ndikaitana munthu wa magetsi wa mapepala pa Boma adzaone."

"Adzaone kuti tinakoka mwakuba? Ukufuna adada amangidwe? Mkamwana kumangitsa apongozi! Udzakhala mudzi uti?"

"Ndiye ndipita kwathu ndi mwana wanga."

Pius anasiya kutokosa m'mano. Sanakalipe. Anayankhula mofatsa, ngati akumuuza mtengo wa petulo.

"Kupita ungapite. Koma kuno si ku Ntcheu. Ng'ombe zinapita kwanu, mwanayu ndi wa kwa Sibale. Ukudziwa."

Ankadziwadi. Akapita, mwana atsala pansi pa waya yemweyo, popanda womumanga ku nsanamira. Akakhala, alibe pakamwa. Usiku umenewo analira mwakachetechete, babu la apongozi likuwala bwinobwino panja.

Anayesanso kwa a Nachali. Ulendo uno anawapempha kuti abwereze mawuwo pamaso pake.

"Munene kuti: waya ndi amene anapha mbuzi."

"Waya ndi amene... mwana wane, yayi. Munthu anagwira makwerero a magetsi, ine ndikamuuze zimenezo? Zaka zonsezi ndakhala nawo chifukwa ndimadziwa poponda. Mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Adzazindikira okha."

"Pakadafunda padajiwitsa galu, amama."

"Miyambi ya kwanu ndi yaukali," anatero a Nachali, napitiriza kupeta mawere.

Uthenga unafikabe madzulo ake. Tadala anaumva ali kuseri kwa nkhokwe. Unati mkamwana akupepesa za imfa ya mbuzi.

Tsiku la tsokalo kunacha ndi mphepo, mvula itagwa m'bandakucha. Nthambi ya mapeyala inathyoka, ndipo waya uja anatsika mpaka kufika m'chifuwa mwa munthu, jumbo ya polumikizira itasomphoka. Pius anali atapita kale. Tadala ankasinja mtedza pakhonde pouma, patapata kumapazi. Welcome anali atamumasula pang'ono kuti amusinthe kabudula, chitenje chija chitanyowa.

Anamva chifuwa chodziwika chija chikubwera. Thupi linachita zimene linazolowera: anadzuka, maso pansi, nathawira kuseri kwa nyumba. Atafika kuseriko m'pamene anaona kuti m'manja wanyamula munsi, mwana wamusiya pakhonde.

"Aa, kanthambi aka," anamva a Sibale akuyankhula okha. "Tingokweza basi."

Kenaka kunamveka phokoso limene Tadala sanalimvepo kwa munthu, ngati wina akukhosomola m'madzi. Anasuzumira.

A Sibale anali ataima m'matope opanda nsapato, dzanja lamanja litafumbata waya pamalo osendeka paja. Thupi lonse linkanjenjemera, mutu utapendekera kumbuyo, mano ali gwa. Nkhope imene Tadala sanaionepo ija anaiona tsopano, ndipo sinali yofanana ndi ya pa chithunzi.

Ndipo Welcome anali atatsika pakhonde. Ankapita kwa agogo ake manja ali m'mwamba, akuseka, monga ankachitira masiku onse akafuna kuwagwira mwendo.

"Gogo vina! Gogo vina!"

Tadala sanakumbuke kuti anadutsa bwanji bwalo lija. Mwana anamukankha ndi dzanja limodzi, nakagwera uko m'maluwa. Kuti agwire apongozi n'kuwakoka, anadziwa kuti nayenso amatirira pomwepo. Swichi inali m'nyumba imene iye sankaloledwa kulowa, ndiponso inali yomanga ndi chubu. Chimene chinali m'manja mwake chinali munsi, wouma, wa mtengo wolimba.

Anaukweza monga amakwezera pa mtondo, nautsitsa pa mkono wa apongozi ake.

Kunamveka kuti thyo! Dzanja linatseguka, waya anadumphira m'mwamba, a Sibale anagwa chagada m'matope. Tadala anakankhira waya kutali ndi munsi womwewo, akukuwa.

"Amama! Dulani chubu, gwetsani swichi! A Sibale! A Frackson Sibale, pumani! Ndiyang'aneni kuno, pumani!"

A Nachali anatuluka kukhitchini ndi mpeni wosendera nthochi. Anaona amuna awo ali pansi, mkamwana atawaweramira kumaso akuwatchula maina onse awiri, munsi uli pambali. Anagwira pakamwa.

"Mwana wane, wachita vichi?"

"Chubu, amama!"

Aka kanali koyamba a Nachali kulandira uthenga n'kuufikitsa osaupepesera. Anathamanga, nadula chubu, swichi inagwa yokha nthawi yomweyo ngati inkangodikira.

A Sibale anapuma. Anansi anawanyamulira kumsewu, galimoto ya fodya inawatenga kupita ku chipatala cha pa Boma. Anakhalako masiku, ndipo anabwerako ndi chikhakha pa mkono, zala ziwiri atazidula chifukwa zinapsa mpaka mkati. Atangofika kunyumba anapempha wailesi. Pius anakweza swichi, nalumikizanso waya uja mumtengo, ulendo uno ndi jumbo yatsopano.

Loweruka lake kunabwera a Enock Sibale, akulu awo a Frackson, kuchokera ku Misuku. Sanabwerere za waya. Anabwerera mlandu.

Anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala womwewo: a Enock pampando, a Frackson pambali pawo mkono uli pachifuwa, Pius pa njerwa, abale ena pamphasa. Tadala anagwada patali, atafulatira, a Nachali ali pakati ngati mlatho.

"Nkhani ndi yaifupi," anatero a Enock. "Chibadwire changa sindinamvepo kuti mkamwana wathyola apongozi ndi munsi. Wawayang'ana kumaso. Wawatchula dzina, ndi la ubatizo lomwe, anthu akumva mpaka kumsewu. Kuti anawathandiza, tamva, yewo. Koma mwambo ndi mwambo. Akanatha kuitana mwamuna wake."

"Ndinali ku boda, adada akulu," anatero Pius.

"Akanadikira."

Palibe anaseka. A Enock anagamula kuti mkamwana apereke nkhuku yoyera yopepesera, ndipo munsi uja usagwirenso ntchito pakhomopo. Kenaka anafunsa ngati wolakwayo ali ndi mawu.

Tadala ananong'oneza a Nachali. "Muwauze kuti nkhuku ndipereka. Koma waya akadali pamwamba pa mitu yawo pomwe akhalapo, ndipo tsiku lina adzapha mwana wanga."

A Nachali anakhosomola. "Mkamwana akuti wavomera, ndipo akuthokoza chifukwa cha..."

Sanamalize. Welcome anali atapulumuka m'manja mwa azakhali ake, nadzaima pakati pa bwalo, pamaso pa agogo ake. Anakweza kadzanja kamanja m'mwamba, kuloza kumene kunali waya, nakafumbata. Kenaka anapendeketsa mutu kumbuyo, naluma mano, n'kuyamba kunjenjemera thupi lonse. Anachita bwino kwambiri, osaphonya kanthu, mpaka kaphokoso ka pakhosi kaja.

"Gogo vina!" anatero, akuseka. Anadumphadumpha kufuna kufikira wayayo. "Ine vina! Ine vina!"

A Frackson anayang'ana mdzukulu wawo nthawi yaitali. Misozi inatsika osaipukuta, poti dzanja lopukutira linali m'chikhakha.

"Mwanayu anali pati tsiku lija?" anafunsa.

"Pakhonde," anatero a Nachali msanga.

"Sindikufunsa iwe." Anatembenuka ndi mpando womwe, nayang'ana msana wa mkamwana wawo. "Amake Welcome. Mwanayu anali pati?"

"Frackson!" anatero a Enock. "Ukuyankhula ndi ndani?"

"Ndi amene anandithyola mkono, akulu. Tinadziwana kale."

Tadala sanatembenuke, koma anayankha mokweza.

"Anatsala pang'ono kukugwirani mwendo, adada. Dzanja lake linali litafika pa buluku lanu."

"Nanga tsiku lija munatuma amama anu kuti magetsi ngamphamvu?"

"Ndinati waya akuluma, aphetsa munthu."

"Za mbuzi?"

"Ndinati waya ndi amene anapha mbuzi."

A Frackson anayang'ana akazi awo. A Nachali anayang'ana mphasa. A Frackson anayang'ana Pius, Pius n'kuyamba kufufuza china chake m'thumba la jekete.

"Pius, kagwetse swichi. Ukatero ukwere mumtengomu, utsitse chinthu ichi chonse, mpaka pawindo. Lolemba ukatenge munthu wa mapepala pa Boma. Akafunsa anakoka ndani, unene kuti ndine."

"Nanga nkhuku?" anafunsa a Enock, amene anachokera kutali ndipo sankafuna kubwerera chimanjamanja.

Nkhuku inaperekedwa, poti mwambo ndi mwambo. Tadala analibe nkhuku yoyera, choncho a Frackson analoza yawo. A Nachali anaigwira, napatsa Pius atatsika mumtengo, Pius anapatsa mkazi wake, mkazi wake anabwezera a Nachali, a Nachali anaitula pamapazi pa mwini wake. A Enock anati mlandu watha, ndipo nkhukuyo anapita nayo ku Misuku.

Anthu atabalalika, waya ali mulu pansi, Tadala anamasula chitenje chija ku nsanamira n'kuchipinda. Welcome ankathamanga bwalo lonse. A Frackson anali akadali pampando, atafulatira monga mwa mwambo, koma anayankhula mokweza kuti mawu asafune wowanyamula.

"Amake Welcome, pali chinanso chikuluma pakhomo pano?"

"Soketi ya kukhitchini kwa amama, adada. Yakuda ndi utsi, ndipo imathetheka."

"Nachali, n'zoona?"

"Chaka chatha chomwe," anatero a Nachali. "Ndinkadikira tsiku loti mukondwe."

A Frackson anayang'ana pamene panali zala zawo ziwiri.

"Pius, wamva. Imeneyonso Lolemba. Musadikire kuti ndikondwe, sindikondwanso msanga."